Kavesiti Kopanda Malo Okulira

Kwa onse amene nkhaniyi ingawakhudze,

Ine mwini, telala wokhala ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, ndikulemba pofuna kulongosola za ntchito imene ndinagwira ku Joni, komanso za kavesiti kamodzi kamene ndinabwera nako kuchokera kumeneko. Zandifika m'makutu kuti anthu ena a m'dera lathu akufotokoza nkhani ya kavesiti kameneka mosiyana ndi mmene inachitikira. Ena akuti kanali ndi mankhwala achikuda, ena akuti kanali ka wailesi. Pa chifukwa chimenechi ndaona kuti n'koyenera kuti ndifotokoze ndekha, popeza amene anakasoka ndine, ndipo mpweya umene kanapatsidwa kuti kalondere unali wa mdzukulu wanga.

Ndiyambe ndi kunyamuka kwanga. Ndisanapite kunja ndinali ndi makina opalasa ndi miyendo pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Ntchito inkayenda bwino kufikira pamene kaunjika anachuluka. Munthu akapeza jekete la kunja pamtengo wa tomato sabweranso kwa telala, kupatula ngati akufuna kuti umuchepetsere jeketelo. Nditaona kuti tsiku lonse likumatha ndi zipi imodzi ndi zigamba, ndinakambirana ndi akazi anga, mayi a Tadala, ndipo tinagwirizana kuti ndikayese kwina. Makina ndinawasiyira iwo, nditawaphunzitsa kuwongola msoko ndi kuika mabatani.

Mwana wathu wamkazi, Tadala, anali mu Sitandade 5. Chovala chomaliza chimene ndinasoka ndisananyamuke chinali yunifolomu yake. Monga amachitira telala aliyense wa kwathu kuno, ndinasiya malo okulira. Ndinapinda nsalu yotsala m'mbali ndi m'munsi, mipindiro ingapo, kuti mwana akamakula azingomasula umodziumodzi. Pomuyesa yunifolomuyo ndinamuuza kuti ndidzabwera mpindiro womaliza usanamasulidwe. Kudepoti anandigwira thalauza n'kunena kuti, "Ababa, mukandigulire nsapato zoyaka." Nsapatozo ndinatumiza ndithu.

Za ulendo sindichulukitsa mawu, chifukwa ambiri mwa inu munauyenda kapena munaumva: kutentha kwa ku Tete, mizere ya pachipata cha Beitbridge, ndi mapazi otupa osalowanso mu nsapato. Ndinafikira m'galaja kuseri kwa nyumba ina ku Mayfair, mmene munkagona Amalawi angapo. Masana matilesi tinkawaimika kukhoma kuti tipeze poponda. M'nyengo yozizira madzi a m'ndowa ankauma pamwamba ngati galasi, ndipo tinkagona titavala masokosi m'manja. Ndinagwirapo ntchito ya m'maluwa, kenako yosoka makatani m'sitolo ya amwenye. Galimoto ya apolisi ikamadutsa mumsewu, aliyense ankawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chomanga kale, popeza mapepala athu sanali olongosoka nthawi zonse. Chifukwa cha mapepala omwewo, kubwera kumudzi kudzaona ana kunali kovuta. Ukatuluka sunkadziwa ngati udzalowanso.

M'galajamo ndi mmene ndinadziwirana ndi Che Amidu, telala mnzanga wochokera ku Mangochi, amene banja lawo linali ku Biwi. Anali munthu wamfupi, wanthabwala, wosapsa mtima. Tsiku loyamba anayang'anitsitsa kolala ya malaya anga n'kufunsa kuti, "Achimwene, kolala iyi munasoka nokha, kapena amene anasokayo munali naye mlandu?"

Ndinayankha kuti ndinasoka ndekha ndipo palibe cholakwika.

"Ayi, ndimangofunsa," anatero. "Khosi ndi lanu."

Kuyambira pamenepo tinkadyera limodzi. Ine ndinasiya nyama ya nkhumba kuti tiziphikira poto mmodzi, ndipo m'mwezi wa kusala kwawo ndinkakadyera kuseri kwa galaja kuti fungo lisawavutitse. Nditadwala chibayo, Che Amidu ankasoka makatani awo ndi anga omwe kuti malo anga asapatsidwe munthu wina. Akabwera madzulo ankandithira tiyi wa ndimu n'kumandiuza kuti ndisayerekeze kufa, chifukwa maliro a ku Joni ndi ovuta kunyamula ndipo iwo msana unkawavuta kale.

Ndi iwo amene anamva kwa mnzawo wa kumzikiti kuti kampani ina yaing'ono ikufuna atelala a dzanja lofatsa. Tinapita tonse awiri. Sinali fakitale yaikulu monga mmene mungaganizire. Zinali zipinda zochepa, china cha makina osokera, china cha makompyuta ndi mawaya. Woyang'anira anali mayi wina wophunzira za magetsi, wovala magalasi, amene ife tinkangomutchula kuti Mayi Injiniya.

Pano ndiyenera kufotokoza bwino za chimene tinkasoka, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Panali nsalu yotamuka ngati lastiki. Pansaluyo ankamatapo mzere wopyapyala wa mphira, wosakaniza ndi fumbi lakuda longa la makala. Mzere umenewu ankautchula kuti sensa. Magetsi ochepa kwambiri, ochokera m'kabatire konga ka wotchi, amadutsa mumzerewo. Mzere ukakokedwa, tinthu takuda tija timatalikirana ndipo magetsi amadutsa movutikira. Ukabwerera m'malo mwake, amadutsanso bwino. Kabokosi kolumikizidwa kumapeto kwa mzerewo kamamva kusintha kumeneku. Choncho mzere ukakhala pabondo umanena mmene bondo lapindikira, ukakhala pachala umanena mmene chala chagwirira, ndipo ukadutsa pachifuwa umanena ngati munthu akupuma. Ntchito yathu inali kudula nsalu, kulumikiza mzere ndi ulusi wa siliva wopitamo magetsi, ndi kusoka msoko wa zigizagi umene umatamuka pamodzi ndi nsalu.

Tsiku loyamba anatipatsa muyeso wa dalaivala wa pakampanipo, bambo wa mimba yake ndithu, kuti aliyense asoke vesiti yoyesera. Tinasoka mosamala kwambiri. Dalaivala anavala ya Che Amidu n'kukhala pampando akudya buledi. Pakompyuta panayenera kuoneka mzere wokwera ndi kutsika molingana ndi kupuma kwake, koma mzerewo unangogona chigonere. Anavala yanga. Chimodzimodzi.

"Malinga ndi makina anga, munthu uyu wamwalira," anatero Mayi Injiniya m'Chingerezi. "Koma ndikumuona akutafuna."

Anapisa dzanja pakati pa vesiti ndi chifuwa cha dalaivala, dzanja lonse n'kulowa. Anatenga tepi n'kuyeza. Tonse awiri, osapangana, tinali titawonjezera zala zitatu mbali iliyonse.

"Ndani wakuuzani kuti muwonjezere?"

Che Amidu anadabwa nalo funsolo. "Mayi, munthu amanenepa. Taonani mmene akudyeramu. Chaka cha mawa adzavala chiyani?"

Mayiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anatifotokozera modekha. "Mzere uwu ulibe maso. Umamva pokhapokha ukagwira thupi. Mukausiyira malo, chifuwa chimakwera ndi kutsika m'kati mwa malo anuwo, mzere osadziwa kanthu. Za chaka cha mawa zisiyeni. Ine ndikufuna mpweya wa lero."

Anatilemba ntchito tsiku lomwelo, ponena kuti misoko yathu inali yaukhondo. Anatiletsanso kusita, chifukwa simbi yotentha imawononga mphira. Lamulo limeneli linawapweteka kwambiri Che Amidu. Pobwerera kugalaja anapukusa mutu njira yonse. "Achimwene, dziko lino ndi lodabwitsa. Chovala chothina, chosasita, ndipo akuti atilipira."

Ndinganene mosakayika kuti tinaidziwa ntchito imeneyo. Tinasoka magolovesi, zovala za m'mabondo za anthu othamanga, ndi mavesiti oyesera anthu a m'migodi. M'zaka zomalizira kunabwera ntchito ya makanda obadwa masiku asanakwane. Makanda otere nthawi zina amaiwala kupuma, ndipo pamafunika munthu wowadzidzimutsa msanga. Kavesiti kawo kanali ndi kabokosi kokhala ndi kanyali kobiriwira, kamene kamaphethira pa mpweya uliwonse. Mpweya ukasiya kwa kanthawi, kabokosiko kamalira mokweza. Tinkayesera pa chidole chokhala ndi chibaluni m'mimba. Kavesiti kamodzi kankakwana pachikhatho changa, ndipo tsiku losoka timeneti m'chipinda simunkamveka nthabwala. Che Amidu ankatchula dzina la Mulungu asanayambe kalikonse.

Udindo wanga wa kunyumba sindinauphonye. Kudzera mwa matransipota ndinatumiza mabulangete, mapoto, firiji ndi thandizo logulira malata. Lamlungu ndinkaimba foni. Komabe ndinaona kuti mawu a Tadala akufupika chaka ndi chaka. Poyamba ankandiuza mayina a anzake onse a m'kalasi ndi amene wakwapulidwa. Pambuyo pake anayamba kungoti, "Tili bwino. Nawa amayi." Za ukwati wake ndi mnyamata wina, kondakitala wa minibasi, ndinamva zonse zitakambidwa kale. Ndinatumiza sitovu yamagetsi.

Kenako inafika nyengo ija imene eni dziko ena anayamba kuthamangitsa alendo m'makomboni. Mayi Injiniya anatilola kugona m'chipinda chosokera, pamwamba pa mipukutu ya nsalu, kufikira zinthu zitazizira. Ndili momwemo tsiku lina masana, mayi a Tadala anandiimbira foni.

"Tadala wachira," anatero, "koma mwana wafulumira. Ndi kamnyamata, kakang'ono ngati botolo. Achipatala atitulutsa, atiphunzitsa kumubereka pachifuwa kuti azimva kutentha. Koma akuti mwina aziiwala kupuma, ndiye tizimuyang'anira. Mwana wanu sakugona, bambo a Tadala. Maso angokhala pachifuwa cha khanda. Ndikuopa kuti titaya onse awiri."

Sindinachedwe. Ndinawauza kuti atenge tepi, ayeze chifuwa cha khandalo pansi pa m'khwapa, ndipo anditchulire nambala mmene ilili popanda kuwonjezera. Ndinapita kwa Mayi Injiniya n'kufotokoza zonse, komanso kuti ndikupempha kusiya ntchito. Anandipatsa nsalu, mzere woyesedwa kale ndi kabokosi kamodzi, n'kunena kuti ndi mphatso yotsanzikira. Anandichenjeza kuti kavesiti si dokotala. Anati ndikakaonetse kwa anamwino, ndipo kakadzalira mwana atasiyadi kupuma, timudzidzimutse kenako tithamangire kuchipatala. Ndinakasoka ndekha. Che Amidu anakayesa pa chidole chija kambirimbiri, kenako anati, "Achimwene, kolala munalephera, koma aka mwakhoza." Iwonso anali atatopa ndi dziko la eni, choncho tinakwera basi imodzi n'kudzasiyana padepoti ya Lilongwe.

Ku Kawale ndinapeza zinthu zitasintha. Nyumba inali ya malata. Makina anga aja anali pakhonde la nyumba yathu, ndipo amayi anali pamzere ndi zitenje zawo kudikira mayi a Tadala, amene tsopano anali telala wodziwika pa zovala za chinkhoswe. Mmodzi wa amayiwo anandifunsa ngati ndabwera kudzasoketsa. Tadala anali kwathu komweko ndi khanda lake, mwamuna wake akumadzazonda akaweruka. Anatuluka mwana ali pachifuwa m'kati mwa chitenje, maso atalowa, n'kugwada patali.

"Takulandirani, abambo," anatero, monga mmene amalonjerera munthu wobwera kudzawerenga mita ya madzi.

Monga mukudziwa, mwambo sulola kuti munthu wochokera ku ulendo wautali agwire khanda laling'ono chotero, ndipo anamwino nawo anali atanena kuti manja omugwira achepe. Sindinatsutse. Ndinaima pakhomo la chipinda n'kumalangiza, mayi a Tadala akumuveka mwanayo kavesiti kaja. Ndinanenetsa kuti kavesiti kakhoza kuchapidwa ndi manja kabokosi katachotsedwa, koma kasasitidwe ndipo msoko wake usakhudzidwe. Atalumikiza kabokosi, kanyali kobiriwira kanayamba kuphethira. Tadala anakayang'ana nthawi yaitali, akufananiza ndi chifuwa cha mwana. Masana a tsiku limenelo anagona tulo tofa nato, koyamba chibadwire mwanayo. Ine ndinakhala panja ndili wokhutira.

M'mawa mwake mayi a Tadala anakachapa n'kukayanika. Atamuvekanso mwana, kabokosi kanalira. Tonse tinathamanga. Mwana anali kupuma bwinobwino. Anakazimitsa n'kukayatsanso, ndipo posakhalitsa kanaliranso. Zinachitika motero tsiku lonse ndi tsiku lotsatira. Kulira kulikonse Tadala ankadzuka modzidzimuka, mkaka n'kumatayika. Anthu oyandikana nafe anayamba kusonkhana pampanda. Mayi wina analankhula mokweza kuti ine ndimve. "Chinthu cholira maliro mwana ali moyo, chimenecho chikuitana zoipa. Za ku Joni zimenezi."

Madzulo ake Tadala anatuluka n'kuponya kavesiti pamiyendo panga.

"Abambo, chinthu chanuchi chitipha ndi mtima. Zaka zonsezi mwakhala mukutitumizira katundu. Firiji tinalandira, sitovu tinalandira. Uyunso ndi katundu. Tengani, ine ndiziyang'anira ndekha mwana wanga."

Anabwerera m'chipinda kukakhalanso maso. Ndinadziwa kuti thupi lake silipirira nthawi yaitali, ndipo tsiku lina tulo tidzamugwira pa nthawi yolakwika.

Msoko wanga sindinaukayikire ngakhale pang'ono. Ndinayamba ndi batire, ndipo linali labwino. Ndinakoka mzere ndi zala, kanyali n'kuphethira monga mwa nthawi zonse. Pamenepo ndinayala kavesiti pabondo n'kuona kuti sikakukwananso pachikhatho. Ndinakatembenuza. M'mbali zonse ziwiri msoko wanga unali utamasulidwa, ndipo munalowetsedwa timizere ta nsalu yoyera yofewa, tosokedwa mwaluso moti kunja sitinkaoneka. Ulusi wa siliva anauzemba bwinobwino osaudula. Ndinayeza ndi zala. Zitatu mbali iliyonse.

Ndinapita pakhonde pamene mayi a Tadala ankamaliza diresi la munthu.

"Mayi a Tadala, munamasula ndinu?"

Sanasiye kupalasa makina. "Ndine."

"Ndinanena kuti msoko usakhudzidwe."

"Munanena."

"Nanga chifukwa chake n'chiyani?"

Anaimitsa gudumu ndi dzanja n'kundiyang'ana. "Bambo a Tadala, inu ndinu telala. Munayamba mwasokerapo mwana wamoyo chovala chongomukwana tsiku lomwelo? Ine pamakina pano, chokwana ndendende ndimasoka kukakhala maliro. Ndinakayang'ana kanthu kanuka pathupi pa mwana uja, kopanda ngakhale chala chimodzi chokulira, mtima wanga unakana. Zinali ngati tagwirizana kale kuti mwezi wa mawa saufika."

Sindinakwiye. Ndikanakwiya bwanji, pamene ine ndi Che Amidu tinamusiyira malo okulira dalaivala wa imvi? Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera mmene Mayi Injiniya anatifotokozera ife. Ndinawazungulizira kavesiti pamkono wanga momasuka, n'kumafumbata ndi kutambasula dzanja, kanyali osaphethira. Ndinakakoka kuti kagwire thupi, ndipo kanayamba kuphethira. Ndinawauza kuti kabokosi sikankanama. Kankalira chifukwa sikankamumva mwana.

Pamenepo anafunsa kuti, "Ndiye mukuti ndichotse nsalu yanga?"

Ndinayang'ananso timizere tija. Unali msoko wabwino kuposa umene ndinawaphunzitsa.

"Ayi. Nsalu yanu ikhale momwemo. Tiipinde, tiisokerere m'kati. Lero kamugwire, koma malo ake akhale akumudikira. Akamakula tizimasula."

"Ngati yunifolomu ija."

"Ngati yunifolomu ija."

"Ija ndinamasula ndekha mipindiro yonse," anatero akuchotsa diresi pamakina. "Womaliza Tadala anakana kwa chaka chathunthu. Ankapita kusukulu mawondo ali pamtunda, akuti ababa anati abwera usanamasulidwe."

Ndinangoti, "Ya aka ndidzamasula ine, kuyambira woyamba mpaka womaliza."

Tinagwira ntchitoyo awiri. Iwo ankapinda ndi kugwira, ine ndikusoka ndi singano ya pamanja, mipindiro itatu mbali iliyonse, yosalala kuti isamukande mwana. Titakweza maso tinapeza Tadala ataima pakhomo, khanda lili pachifuwa. Sindikudziwa kuti anayamba kumvetsera pati.

"Kakaliranso pachabe ndikakaponya m'chimbudzi," anatero.

"Ndavomera," ndinayankha.

Sikanalirenso pachabe. Pa tsiku la sikelo tinakaonetsa kwa anamwino, ndipo anati tikhoza kukagwiritsa ntchito, bola mwana apitirize kuberekedwa pachifuwa ndipo maso athu asagone chifukwa cha kabokosi. Tadala anayamba kudya ndi kugona, nkhope yake n'kubwerera.

Tsiku limene ndikufuna kuti lilembedwe momveka linali lowala bwino, chakumasana. Tadala anamugoneka mwana pabedi kuti akachape matewera pampopi wa panja. Mayi a Tadala anali pamakina, ine ndikuwadulira nsalu. Kabokosi kanalira. Mayi wa pampanda uja, amene anabwera kudzatenga diresi lake, anati, "Chayambanso chija." Tadala anataya thewera m'matope n'kuthamanga, thovu lili m'manja. Ine ndinafika pakhomo la chipinda pambuyo pake. Kanyali sikankaphethira. Mwana anali zii, milomo itayamba kuda. Tadala anamunyamula, anamusisita pamsana mwamphamvu, anamukanda kumapazi monga anamuphunzitsira anamwino, akumuitana. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako kamwanako kanakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kulira. Kanyali kanayambanso kuphethira. Tinakwera minibasi nthawi yomweyo, ndipo kuchipatala anamugoneka masiku angapo n'kumupatsa mankhwala. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo mayi wa diresi uja ndi mboni, ngakhale kuti masiku ano amafotokoza ngati kuti woyamba kuthamanga anali iyeyo.

Atatuluka m'chipatala mwana anayamba kuyamwa mwamphamvu. Mpindiro woyamba ndinamasula ine. Wachiwirinso ndinamasula ine, Che Amidu alipo, atabwera kuchokera ku Biwi kudzaona mwana. Anatembenuza kavesiti, anayang'ana timizere ta mayi a Tadala, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, zala zitatu! Alamu anga ndiwo atelala enieni. Ife ku Joni anatiwononga." Womaliza ndinaumasula mvula itayamba.

Patapita nthawi, m'mawa wina ndili pakhonde, Tadala anatuluka ndi mwana kudzanja limodzi, kavesiti kudzanja linalo. Sanagwade patali. Anafika n'kundikhazika mwanayo pamiyendo, wolemera, masaya ali phwii, akundikoka tepi ya m'khosi.

"Ababa, kathina," anatero. "Mipindiro yatha. Anamwino akuti sakufunikanso kulonderedwa. Ndiye musokereni malaya, asamangoyenda ndi za kaunjika ngati alibe agogo."

Ndinamuyeza pomwepo. Mayi a Tadala anandibwereka makina kwa tsiku limodzi, atandichenjeza kuti ndisawasokonezere ulusi. Malayawo ndinawasita bwinobwino ndi simbi ya makala. Titamuveka, manja a malaya anapitirira zala zake, ndipo m'munsi munafika kumapazi.

"Bambo a Tadala, mwawonjeza," anatero mayi a Tadala. "Awa ndi malaya a mwana wa sukulu."

Ndinawayankha kuti ndikudziwa, ndipo ndidzakhala ndilipo tsiku limene adzamukwane.

Izi ndi zimene zinachitika, ndipo ndazilemba popanda kuwonjezera ngakhale chala chimodzi.

Ine wanu,
Telala wa ku Kawale.